Bt pa kabichi wa kudimba: mbozi sizigwa pompo

Ndimalima kabichi kudimba ku Ntcheu, ndipo chaka chino ndayesa mankhwala a ufa a Bt pofuna kuthana ndi timbozi tobiriwira timene timaboola masamba mpaka kuoneka ngati sefa. Tsiku loyamba ndinaona ngati andibera ndalama. Ndinapopera madzulo, m'mawa kukayang'ana, mbozi zili phee pamasamba, zamoyo. Ife tinazolowera mankhwala oti ukapopera, kachilombo kagwe pompo.

Alangizi ndiwo anandimasula. Bt ndi chidule cha Bacillus thuringiensis, bakiteriya wa m'dothi amene anapezeka koyamba ku Japan mu 1901 akupha mbozi za silika. Bakiteriyayu amapanga timibulu ta mapuloteni, ndipo timibuluti sitipha mbozi pokhudza khungu ayi, mpaka mbozi idye. M'matumbo mwa mbozi simuli asidi ngati m'mimba mwathu, muli ngati madzi a chidulo. M'menemo timibuluti timasungunuka, puloteni n'kumamatira kukhoma la matumbo n'kuboola timabowo. Mbozi imasiya kudya pakangopita maola ochepa, koma kufa kwenikweni kumatenga masiku awiri kapena atatu. Zoonadi, tsiku lachitatu ndinazipeza zitada, zitalendewera zofewa, ndipo masamba atsopano anatuluka osabooka. M'matumbo mwa munthu mulibe pomwe puloteniyu angagwire, ndipo njuchi zinkangozungulira maungu anga apafupi monga kale.

Chovuta n'chakuti dzuwa limawononga mphamvu ya Bt msanga, choncho kupopera masana n'kutaya ndalama. Mvula ikagwa kapena mukathirira pamwamba ndi keni, muyambirenso. Ine ndimapopera sabata iliyonse, ndikulunjika kunsi kwa masamba kumene timbozi timabisala. Mbozi zikuluzikulu zomwe zalowa kale m'mutu wa kabichi sizimva kanthu, ndipo nsabwe za m'masamba, poti zimayamwa madzi osatafuna tsamba, zinatsala zonse.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Ndidzagulanso, koma ndizisinthanitsa ndi njira zina, chifukwa mbozi ya kabichi yomweyi ndiyo inayamba kupirira Bt m'minda ya ku Hawaii, ku America, alimi atapopera mobwerezabwereza.