TEC kapena TEG pa chitetezo mbaula: kusiyana kuli pa chomatira

Anzanga kuno ku Dedza akhala akundifunsa kuti ndi kachipangizo kati koyenera kuika pa chitetezo mbaula kuti moto wophikira uzitchajanso foni, ndipo ndikuyankha monga munthu amene ndalama zake zinalowa m'madzi pa nkhani yomweyi. Zipangizo zake ndi ziwiri: TEC, yopangidwira kuziziritsa zinthu pogwiritsa ntchito magetsi, ndi TEG, yopangidwira kusandutsa kutentha kukhala magetsi. Zimafanana maonekedwe: timbale tiwiri toyera, pakati pake timiyala ta bismuth telluride timene timatulutsa magetsi mbali imodzi ikatentha inayo ili yozizira.

Ine ndinagula TEC yotchedwa TEC1-12706 chifukwa cha kutsika mtengo, ndipo wogulitsa analemba kuti imapanga magetsi. Sananene kuti inapangidwira kuziziritsa zinthu, kapena kuti timiyala take tinalumikizidwa ku mkuwa ndi chomatira cha bismuth ndi tin chimene chimasungunuka pa madigiri 138, kutentha kumene moto wa nkhuni umapitirira madzi a nsima asanawire. Timiyala tonse 254 ndi tolumikizana motsatana ngati mikanda pa ulusi umodzi, choncho malo amodzi atamasuka pa tsiku lachitatu, magetsi anatheratu. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti kunja sikunkaoneka chilema chilichonse, moti ndinatha mlungu wathunthu ndikukayikira mawaya anga.

TEG yeniyeni ndi yokwera mtengo, koma mbali yake yoyang'ana kumoto imalumikizidwa mwa njira yopirira, ndipo zambiri zimalembedwa kuti zimafika madigiri 250 mpaka 300. Yopangidwa bwino imakhala ndi nickel wokwanira wotchinga mkuwa, popeza mkuwa ukatentha umalowerera m'timiyala n'kumachepetsa magetsi pang'onopang'ono. Komabe nayonso imatha. Mbaula imatentha ndi kuzizira katatu pa tsiku, ndipo popeza mkuwa, timiyala ndi timbale sizifutukuka mofanana, polumikizira pamachita ming'alu. Kuzizira kwa kuno mu June kumathandiza mbali yozizira, koma popanda chitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha ndi mabawuti opanikiza mofanana mbali zonse, phindu limenelo silioneka, ndipo mtengo wa zimenezi ogulitsa sautchula.

Ma TEG a timiyala ta mtundu wina, ta lead telluride, ndi zipangizo zimene zimapirira madigiri pafupifupi 500, koma zimawonongeka ndi mpweya zikapanda kutsekedwa bwino, ndipo pa mbaula ya pakhomo n'zosafunika.

Ine ndasankha TEG, ndipo sindigulanso kwa aliyense amene salemba madigiri amene mbali yotentha ingapirire.