Zida zoyezera corticosterone: zodalirika pa makoswe aakulu, zovuta pa ana oyamwa

Ndagwiritsa ntchito zida za ELISA (njira yoyezera m'labotale poona kusintha kwa mtundu wa madzi m'timaenje) zoyezera homoni ya corticosterone kwa miyezi isanu pa kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri, amene akufufuza mmene mahomoni a khoswe wamkazi amakhudzira ana ake ali m'mimba komanso akuyamwa. Bokosi linafika lili lozizira bwino, muli mbale ya timaenje 96 ndi timabotolo tonse tofunika, ndipo ndinalisunga m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8 monga malangizo akunenera.

Corticosterone ndi homoni imene thupi la khoswe limatulutsa akapanikizika, ndipo imagwira ntchito yofanana ndi cortisol mwa munthu. Bere la khoswe limatha masiku 21 mpaka 23 okha, ndipo m'nthawi yochepayi nsengwa imateteza ana pofooketsa homoniyi isanawafikire. Gulu la Jonathan Seckl ku Edinburgh linasonyeza mu 1993 kuti khoswe wabere akapatsidwa dexamethasone, mankhwala ofanana ndi homoniyi amene amadutsa chitetezo chimenechi, ana ake amabadwa onyentchera ndipo akakula magazi awo amathamanga kwambiri. N'chifukwa chake ndinkafuna zida zoti ndizikhulupirire.

Pa magazi a makoswe aakazi aberewo sindikudandaula chilichonse. Timaenje tiwiri toyikamo magazi a khoswe mmodzi tinkapereka zotsatira zoyandikana kwambiri, ndipo magazi otengedwa madzulo, magetsi a m'chipinda cha makoswe atatsala pang'ono kuzima, ankasonyeza homoni yochuluka kuposa otengedwa m'mawa, monga zimayenera kukhalira pa nyama yoyenda usiku. Wogula watsopano adziwe kuti pa zida zamtunduwu kaenje kotuwa ndi kamene kali ndi homoni yambiri, pamene kachikasu kwambiri kali ndi yochepa, ndipo kabuku ka malangizo kakufotokoza zimenezi momveka.

Vuto linabuka nditafika pa ana oyamwa, omwe ndi mtima wa kafukufuku wanga. Kuyambira cha pa tsiku la 4 mpaka la 14 atabadwa, ana a makoswe amakhala ndi corticosterone yochepa kwambiri, ndipo chimodzi mwa zimene zimaisunga pansi ndi kunyambitidwa ndi make. Michael Meaney ndi anzake ku yunivesite ya McGill ku Montreal anasonyeza mu 2004 kuti kunyambita kwa m'sabata yoyamba kumasintha kagwiridwe ka jini imene imathandiza ubongo kuletsa homoniyi ikakwera, mwakuti ana onyambitidwa kwambiri amakula osachedwa kukhazikika akadzidzimuka. Kamwana ka masiku asanu ndi awiri n'kochepa ngati chala, kopanda ubweya wokwanira, maso asanatseguke, ndipo timagazi timene kamapereka n'tochepa zedi. Nditasungunula timagazito mofanana ndi a makoswe aakulu, monga kabuku kananenera, zotsatira zambiri zinagwera kunsi kwenikweni kwa muyezo, kumene manambala sadalirika. Theka la mbale linapita pachabe, pamodzi ndi magazi amene sindikanatha kuwatenganso, ndipo zimenezi zinandipweteka chifukwa nyama zimenezi sitizigwiritsa ntchito mwachisawawa.

Ogulitsa anandiyankha mwaulemu patadutsa masiku angapo, nandilangiza kuchepetsa madzi osungunulira, ndipo mbale yachiwiri inayenda bwino. Komabe langizo limeneli limayenera kulembedwa m'kabuku kuyambira pachiyambi, limodzi ndi chenjezo loti magazi atengedwe mphindi zitatu zisanathe khola litagwedezedwa, chifukwa kumugwira kokha khoswe kumakweza homoniyi.

Mtengo wake ndi wokwera, koma ndidzagulanso. Amene akuyeza ana oyamwa ayambe wapatula mzere umodzi wa timaenje kuti ayesere kasungunulidwe asanathire magazi ake onse.