SAT kapena CLT: mwana wa sukulu ya classical alembe ati?

Makolo anzanga amene ana anu ali m'sukulu za classical ku America, kumene amaphunzira Chilatini, kuganiza motsata mfundo ndi kulankhula mogwira mtima, nkhani ya mayeso imafika ndithu mwana akamayandikira koleji. Ine inandisowetsa tulo, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona.

SAT ndi nkhalakale pa mayeso olowera ku koleji ku America. Inayamba mu 1926, eni ake ndi a bungwe la College Board, ndipo kuyambira mu 2024 imalembedwa pakompyuta: mafunso 98, maola 2 ndi mphindi 14, malikisi oyambira 400 kulekeza 1600. Mphamvu yake njakuti pafupifupi koleji iliyonse imaidziwa. Chimene chimandiwawa ndi ndime zowerenga. Anazidula kukhala tizidutswa, kandime kamodzi funso limodzi. Mwana wanga anazolowera kutha madzulo onse ali pa mfundo imodzi ya Plato, katswiri wa maganizo wa ku Greece wakale, pensulo ili m'manja, akulemba mafunso ake m'mphepete mwa tsamba. Atalemba mayeso oyeserera anangoti, "Amayi, ndisanayambe n'kuganiza komwe, ndime yatha kale."

Palinso mayeso ena olowera ku koleji otchedwa ACT, a mu 1959; malikisi ake amalekeza pa 36, ndipo amalandiridwa ngati SAT yomweyo.

CLT (Classic Learning Test) ndi yatsopano, anaiyambitsa Jeremy Tate mu 2015. Mafunso 120, maola awiri, masamu popanda calculator, pamene SAT imalola. Ndime zake nzazitali, zochokera kwa alembi ngati Augustine ndi Frederick Douglass, ndiye mwana wa classical amamva kuti akufunsidwa zimene wakhala akuchita zaka zonsezi. Ineyo mtima wanga uli kumeneku, sindibisa. Koma makoleji oilandira ngochepa, ambiri mwa iwo achikhristu, ngakhale kuti mu 2023 mayunivesite aboma a ku Florida anayamba kuilandira. Palinso china chimene sitikonda kuvomereza: olemba CLT ambiri amachokera m'sukulu zonga zathu zomwezi kapena amaphunzira pakhomo. Mwana akakhoza bwino, mwamuyerekeza ndi anzake ofanana naye. SAT imamuika pakati pa ana a dziko lonse, ndipo ngati masamu a pasukulu yanu ngofooka, iwaulula mosanyengerera. Sukulu imene imathawa zimenezi ine ndimaikayikira.

Onsewa, kwakukulu, ndi mayeso ochita kusankha yankho. Palibe amene angaone mwana ataima pamaso pa aphunzitsi, mawu akunjenjemera, akuteteza nkhani imene walemba chaka chathunthu, n'kuvomera pomwe wagonja. Choncho aphunzitsi asamadule nthawi ya Chilatini kapena ya zokambirana pofuna kuphunzitsa njira zolotera mayankho.

Kwathu tinayamba talemba makoleji amene mwana akufuna, n'kufufuza mayeso amene iliyonse imalandira. Awiri okha ndi amene ankalandira CLT, ndiye analemba CLT ndi SAT yomwe.