Dinosaur kapena dodo: wojambula asankhe chiti?

Wojambula akafuna kuchenjeza anthu za kuwononga chilengedwe, kawirikawiri amathamangira kwa dinosaur, chinyama chakalekale chimene chinatha padziko. Chilombo chachikulu, mafupa ali mbwee, uthenga umamveka msanga: ngakhale wamphamvu amatha. Komatu ma dinosaur sanapalamule kanthu. Zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, chimwala cha makilomita pafupifupi 10 m'lifupi chinagwa kuchokera mumlengalenga ku Chicxulub, ku Mexico. Fumbi linaphimba dzuwa, zomera zinafota, ndipo mitundu pafupifupi itatu mwa inayi iliyonse ya zamoyo inatha psiti, kuphatikizapo ma dinosaur. Panalibe wakuti akanaletsa. Chithunzi chotere chimatisandutsa ife ongodikira tsoka, pamene owononga ndife tomwe.

Dodo ndiye ndingasankhe ine. Inali mbalame yosauluka ya ku Mauritius, yosaopa munthu, yoikira mazira pansi. Amalinyero a ku Netherlands analemba za iyo mu 1598, koma chisanafike chaka cha 1700 inali itatheratu. Anthu ankaipha, ankadula nkhalango, ndipo nkhumba, makoswe ndi anyani obwera ndi sitima zapamadzi ankadya mazira ake. Siyoopsa maso ngati dinosaur, n'zoona, koma aliyense woiona pachithunzi amadziwa amene anaimaliza.