Ventolin: imathandiza msanga, koma sichiza mphumu

Mwana amene khungu lake linkayabwa ndi kutuwa ali wakhanda, kenako n'kumayetsemula ndi kutuluka mamina akakumana ndi fumbi, mphaka kapena utsi wa nkhuni, ndi amene nthawi zambiri amadzadwala mphumu. Ena imawasiya akamakula, n'kudzawabwereranso ali akuluakulu. M'mabanja otere Ventolin sasowa.

Ventolin ndi inhela (kachida kopopera mankhwala mkamwa) ya buluu ya mankhwala otchedwa salbutamol, mamaikilogalamu 100 pa kupopa kamodzi, ndipo imodzi imapopa ka 200. Imatsegula njira za mpweya m'mphindi zochepa. Pamenepo sitingaichotsere.

Vuto ndi kagwiritsidwe. Mukapopera mkamwa mwa mwana mwachindunji, mankhwala ambiri amathera pa lilime ndi kukhosi. Gwiritsani ntchito spacer, chubu chimene chimaikidwa pakati pa inhela ndi pakamwa pa mwana. Gwedezani inhela, popani kamodzi kokha, mwana apume kasanu, kenaka mubwereze ngati adokotala anatero. Spacer muzitsuka ndi sopo wa mbale n'kuisiya iume yokha. Mukaipukuta ndi nsalu, mankhwala amamatirira m'mbali mwake. Ikasowa, botolo la pulasitiki la 500 ml loboola pansi limagwira ntchito, monga anaonetsera ofufuza a ku Cape Town.

Ena manja amanjenjemera ndipo mtima umathamanga akapopa, koma zimatha zokha.

Ventolin sichotsa kutupa kwa m'njira za mpweya komwe fumbi ndi mungu zimayambitsa. Ngati mukumaliza inhela zitatu pa chaka, kapena chifuwa chikukudzutsani usiku, pitani kuchipatala mukafunse za inhela yoteteza, monga beclometasone.