Sitolo ya mamendulo akale pafupi ndi British Museum, ndi chifukwa chimene sindinagulire mendulo imene ndinapitira

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikusonkhanitsa mamendulo a siliva okhala ndi nkhope za mafumu a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1600 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo ochepa amene ndili nawowa ambiri ndinawapeza ku okushoni ya pa intaneti, kumene munthu amalipira atangoona chithunzi, osagwira chinthucho m'manja. Ulendo uno ndinaganiza zosintha kachitidwe, ndipo ndinapita ku kasitolo kena kakang'ono ka mu London, kamene kali m'misewu yopapatiza yoyandikana ndi British Museum. Dzina lake sindilitchula, popeza pali zimene ndidandaule nazo, koma aliyense wodziwa dera limenelo akudziwa mtundu wa sitolo umene ndikunena: chitseko chokhoma chimene amatsegula mukaliza belu, chipinda chimodzi, ndi makabati a matabwa okhala ndi timadilowa tambirimbiri tosaya.

Chimene chinandikoka chinali mendulo ya Louis XIV wa ku France yokumbukira nkhondo ya ku Rocroi, imene ndinaiona pa tsamba lawo la pa intaneti. Nkhondoyo inamenyedwa pa 19 Meyi 1643, patangopita masiku asanu bambo ake, Louis XIII, atamwalira, mfumu yatsopanoyo ili ndi zaka zinayi zokha, ndipo n'chifukwa chake nkhope ya pa menduloyo ndi ya mwana wa masaya onenepa ndi tsitsi lalitali. Pa chithunzi inkaoneka yokongola kwambiri, mtengo wake unali mapaundi 140, ndipo ine ndinakwera sitima ndili ndi mtima wa munthu amene watola chikwama panjira.

Mwini sitoloyo ndi bambo wachikulire wosachulutsa mawu. Nditawauza chimene ndabwerera, anatulutsa menduloyo n'kuiika pa kansalu kofewa, koma asanandilole kuti ndisirire nkhopeyo anaiimika chammbali, n'kundipatsa kagalasi kokulitsa zinthu. "Bambo, yambani mwaona m'mphepetemu," anatero. M'mphepete mosalalamo munali kachizindikiro kakang'ono kwambiri kooneka ngati nyanga yodzaza zipatso, ndipo pambali pake panali mawu akuti ARGENT, kutanthauza siliva m'Chifalansa. Anandifotokozera, ndipo nditafika kunyumba ndinatsimikiza kuti n'zoona, kuti nyumba yosulira ndalama ya Monnaie de Paris inayamba kuika tizizindikiro m'mphepete mwa mamendulo ake m'chaka cha 1832, kuti kadzanja kolozera kanagwira ntchito kuyambira 1845 mpaka 1860, kanjuchi kuyambira 1860 mpaka 1879, ndipo kanyanga aka kanayamba mu 1880. Choncho mendulo imene inali m'dzanja langa, ngakhale inali ya siliva weniweni ndiponso yochokera ku Paris komweko, inadindidwa Louis XIV atagona m'manda kwa zaka zoposa 160.

Apa m'pamene ndinaona phindu lenileni la sitolo imeneyi, chifukwa bamboyo sanalekere pomwepo. Anandikumbutsa kuti mendulo ya mtundu umenewu ili ndi mibadwo itatu imene munthu ayenera kuisiyanitsa: chaka cha chochitikacho, chaka chimene chidindo chinazokotedwa, ndi chaka chimene chitsulocho chinadindidwa. Ngakhale mendulo ya Rocroi yotchedwa yoyambirira mu mndandanda umenewu siinapangidwe mu 1643 ayi. Ndi imodzi mwa mamendulo ofanana kukula, a mamilimita 41, amene anakonzedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 kuti asimbe mbiri yonse ya ufumu wa Louis XIV, ntchito imene inkayang'aniridwa ndi kagulu ka anthu ophunzira kamene nduna yake Colbert inakhazikitsa mu 1663, ndipo zidindo zambiri anazokota ndi Jean Mauger, amene dzina lake limaoneka kunsi kwa khosi la mfumuyo. Mndandanda wonsewo unasindikizidwa m'buku lalikulu mu 1702. Nkhope ya mwanayo, tsono, inazokotedwa mfumuyo ili kale nkhalamba ya zaka pafupifupi 60, ndipo zidindozo, pamodzi ndi zina zokopera, zapitiriza kugwira ntchito mibadwo yonse yotsatira.

Dandaulo langa loyamba lili pomwepa. Zonse zimene bamboyo anandiuza pamaso, pa tsamba la pa intaneti panalibe, kupatula timawu tiwiri ta Chingerezi kumapeto kwenikweni kwa malongosoledwe, tonena kuti inadindidwa pambuyo pake, popanda kutchula kanyangako kapena chaka, ndiponso popanda chithunzi cha m'mphepete. Wodziwa bwino malondawa akanazindikira ndi mtengo womwewo, popeza yasiliva ya nthawi ya mfumuyo siingagulitsidwe motchipa chotero, koma wongoyamba kumene, wogula ali kutali, akanalandira phukusi lake n'kumanyadira chinthu chimene si chimene akuganiza. Nditawauza zimenezi anavomera mosanyinyirika, koma anangoti tsambalo amawakonzera ndi mdzukulu wawo akapeza mpata. Yankho limenelo silinandikhutiritse, ndipo patapita mwezi ndinapeza malongosoledwe aja ali chikhalire.

Mendulo ya Rocroi ndinaisiya. Sikuti ndi chinthu choipa, ndipo amene akufuna nkhope yooneka bwino pa mtengo wofikirika angachite bwino kuigula akudziwa chimene akugula, koma ine chimene ndimafuna ndi siliva amene anagwiridwa ndi anthu a nthawi ya mfumuyo. Atamva zimenezi, bamboyo anasolola kadilowa kena momwe munali mamendulo a tsiku lolonga ufumu mafumu a ku England, ataandalika motsatira zaka. Munali ya James II ya 1685 ndi ya William ndi Mary ya 1689, zonse ntchito ya banja la Roettiers lochokera ku Antwerp, komanso ya Mfumukazi Anne ya 1702 ndi ya George I ya 1714, zozokotedwa ndi John Croker, Mjeremani amene ankagwira ntchito ku Royal Mint, nyumba yosulira ndalama ya ku Britain, pa nthawi imene mkulu wa kumeneko anali Isaac Newton. Ya Anne ndinaiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa kumbuyo kwake mfumukaziyo aiika ngati mulungu wamkazi wa nkhondo akuponya mphezi pa chilombo cha mitu iwiri, koma mtengo wake unali pamwamba pa thumba langa.

Imene inanditenga mtima inali yaing'ono kuposa zonsezo, ya Charles II, ya mamilimita 29 okha, yopepuka moti pa sikelo siinafike magalamu 10. Kutsogolo kuli mfumu itavala chisoti chachifumu, itayang'ana kudzanja lamanja, tsitsi lake lopotanapotana likugwera pamapewa, ndipo kunsi kwake kuli zilembo ziwiri, T ndi S. Kumbuyo mfumuyo yakhala pa mpando, chithunzi cha mapiko choimira mtendere chikutsika kudzaiveka chisoti, ndipo kuzungulira kuli mawu a Chilatini akuti EVERSO MISSVS SVCCVRRERE SECLO, amene akunena za munthu wotumidwa kudzadzutsa m'badwo umene unagwa, kenako deti la 23 Epulo 1661. M'badwo wogwawo aliyense pa tsikulo ankaudziwa: bambo ake a mfumuyi, Charles I, anadulidwa mutu mu 1649, ndipo dziko linakhala zaka 11 lopanda mfumu pa mpando.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti T ndi S uja ndi Thomas Simon, munthu yemweyo amene anazokota nkhope ya Oliver Cromwell, mtsogoleri wa asilikali amene anagonjetsa Charles I, pa mendulo ya nkhondo ya ku Dunbar ya 1650, ndiye kuti dzanja limene linatumikira adani a ufumu ndi lomwelo limene linapatsidwa ntchito yokongoletsa kubwerera kwake. Chisomo chimenecho sichinakhalitse, chifukwa ntchito yozokota ndalama zatsopano inapita kwa John Roettiers, ndipo Simon anayankha mu 1663 ndi ndalama ina yotchuka imene analemba pempho lake kwa mfumu m'mphepete mwake ndi tizilembo tating'onoting'ono. Anamwalira mu 1665, chaka cha mliri waukulu wa mu London. Mamendulo a tsiku lolonga ufumuwa sankagulitsidwa m'sitolo poyamba, koma ankamwazidwa kwa anthu mkati mwa tchalitchi cha Westminster Abbey mwambo uli mkati, ndipo Samuel Pepys, wolemba wotchuka wa zochitika za tsiku ndi tsiku, amene analipo tsikulo, analemba kuti anawaona akuponyedwa koma iye sanathe kutolako ngakhale imodzi. Ndikavomereze kuti mfundo imeneyi inathandiza kutsegula chikwama changa.

Koma ngakhale pamene anaona kuti ndakopeka, bamboyo anayambanso ndi zilema. Anandiuza kuti ndiyang'ane m'mphepete pamwamba penipeni pa chisoti, ndipo poyamba sindinaone kanthu. Anapendeketsa nyale, n'kunena kuti ndisafulumire, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamenepo ndinaona kamalo kotalika ngati njere ya mpunga pamene siliva anali wosalala mosiyana ndi pena ponse, wotuwa pang'ono, ndi timizere tosonyeza kuti tupa inadutsapo. Wina kalekale anawotchererapo kamphete kuti azivala menduloyo m'khosi, ndipo winanso pambuyo pake anakachotsa. Anandionetsanso kuti tsitsi la pamwamba pa khutu ndi bondo la mfumu kumbuyoko zatha pang'ono chifukwa chogwiridwagwiridwa, moti pa makwerero amene amalonda amenewa amagwiritsa ntchito anaiika pa Very Fine, kutanthauza yabwino koma yothako pang'ono, osati pa Extremely Fine, mlingo wapamwambapo. Kumbali ina, anati, palibe amene anaikwechapo ndi mankhwala opukutira siliva, ndipo zinalidi choncho: pakati pa zilembo panali kuda kofiirira kosakanikirana ndi kamtundu ka buluu, kumene siliva amatenga akakhala zaka zambiri m'kabati osasokonezedwa. Mendulo yokwechedwa imawala ngati supuni yatsopano, koma pansi pa galasi imadzaza timizere tokandika, ndipo mtengo wake umatsika.

Ndinawafunsa mmene ndingadziwire kuti si youmbidwa m'chikombole kuchokera ku mendulo ina, popeza zoterozo n'zambiri pamsika. Anatenga ina m'kabokosi kamene amasungiramo zabodza zophunzitsira, n'kuziika pamodzi. Yachinyengoyo inali yochepa pang'ono, chifukwa chitsulo chosungunula chimakhwinyata chikamazizira, zilembo zake zinali zofewa m'mbali ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito, ndipo pamalo osalala panali timaenje tating'ono ngati tobowola ndi singano. Anawonjezera kuti kuumba pakokha si umboni wa chinyengo, popeza amisiri ena akuluakulu, monga Guillaume Dupré amene anapanga mendulo ya mfumu ya ku France Henri IV ndi mkazi wake Marie de Médicis mu 1603, ankaumba dala, koma ya Simon iyi inayenera kukhala yodinda, ndipo yodinda imakhala ndi zilembo zakuthwa.

Mtengo unali mapaundi 520, ndipo nditayesa kunenerera anatsitsako 20 basi, osapitirira. Ena anganene kuti ku okushoni ndikanaipeza motsikirapo, ndipo mwina n'zoona, koma amene amanena zimenezi amaiwala kuti pamwamba pa mtengo womaliza nyumba za okushoni zimawonjezera gawo lawo, limene kawirikawiri limakhala pakati pa 20 ndi 25 peresenti, kenako msonkho pa gawolo ndi ndalama yotumizira. Ndikawerengera zonsezo, kusiyana kumene kukutsala ndikuona kuti ndinalipirira ola lathunthu limene bamboyo anakhala nane. Pa lisiti analembapo ndi dzanja zonse zimene ananena pakamwa, kuphatikizapo kamphete kochotsedwa kaja, manambala a menduloyo m'mabuku awiri amene amalonda a ku Britain amadalira, ndi lonjezo lakuti ikadzapezeka kuti si yeniyeni adzandibwezera ndalama zanga zonse. Anandipatsanso kapepala kozungulira, kofiira ndi ukalamba, kolembedwa ndi inki yofwifwa, kamene kanali pansi pa menduloyo m'kabati ya wosonkhanitsa wina wakale, ndipo anandichenjeza kuti ndisakataye, ndiponso kuti ndisasunge siliva m'timatumba ta pulasitiki wofewa, chifukwa m'kupita kwa nthawi timasiya zonanda zobiriwira pa chitsulo.

Dandaulo lachiwiri ndi la kulumikizana. Nditabwerera kwathu ndinawalembera imelo kufunsa ngati angandisungire ya George I mpaka kutha kwa mwezi, ndipo yankho linabwera patapita masiku asanu ndi anayi, menduloyo itagulidwa kale. Foni amayankha, koma masana okha, ndipo tsiku lina ndinapeza chitseko chili chotseka pa nthawi imene tsamba lawo limati amakhala otsegula, chifukwa anali atapita kukaona katundu wa okushoni. Amene akuchokera kutali ayambe waimba foni dzulo lake. Katundu wa mafumu a ku Germany, Sweden ndi Spain ndi wochepa kwambiri, timadilowa tiwiri tokha, moti amene mtima wake uli kumeneko sadzapeza zambiri zosankha.

Ndikaunika zonse, sitolo imeneyi ndingailimbikitse kwa munthu amene angathe kufikako ndi miyendo yake, makamaka amene akufuna mamendulo a ku England a nthawi ya banja lachifumu la Stuart, la Charles I, Charles II, James II ndi Anne, ndipo sindingailimbikitse kwa wogula pa intaneti pokhapokha atayamba wapempha chithunzi cha m'mphepete ndi kulemera kwa chinthucho. Ine ndibwererako chilimwe chikubwerachi, popeza bamboyo anati akuyembekezera ya Charles I ya 1633, yozokotedwa ndi Nicholas Briot, yokumbukira kulongedwa kwake ufumu ku Edinburgh, ndipo ulendo uno ndawauza kuti asandilembere imelo, andiimbire foni.