Mahedifoni oyenda nawo pa ndalama zochepa: aakulu, opanda waya, apakhosi kapena a waya?

Anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi: "Achimwene, ndi kandalama kangaka ndigule mahedifoni ati?" Amafunsa ine chifukwa amandiona ndili ndi kanthu m'khutu paliponse, m'minibasi, pamzere wa kubanki, ngakhale m'basi ya ulendo wautali. Ndayankha mmodzimmodzi kwa nthawi yaitali, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi. Mitengo ya makwacha sindiitchula, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwaumva lero sukhala womwewo mwezi wamawa. Za Bluetooth 5.3 ndi "besi yamphamvu" sinditaya nazo nthawi, poti bokosi lililonse linalembedwa zimenezo.

Chimene ine ndimayang'ana n'chimodzi. Mahedifoni onse amamveka bwino mphindi ziwiri zoyamba musitolo. Funso ndi lakuti mukanyamuka nawo pa Lilongwe, podzafika pa Ntcheu khutu lidzakhala lili bwanji, nanga pa Zalewa mudzakhala mudakali nawo kumutu kapena mudzakhala mutawaponya kale m'chikwama. Funso lachiwiri ndi lakuti chaka chamawa adzakhala akuyimbabe kodi.

Ndiyambe ndi aakulu ovala kumutu, chifukwa ndi amene amakopa maso. Alipo a mitundu iwiri ndipo ogulitsa ambiri sakuuzani kusiyana kwake. Ena khushoni yake imakhala pamwamba pa khutu lenilenilo, ena imazungulira khutu lonse n'kukhala pamutu. Otsika mtengo ambiri a mayina odziwika ndi a mtundu woyambawo. Sony WH-CH520 ndi wopepuka, magalamu 147, ndipo batire lake akuti limafika maola 50. JBL Tune 510BT limafika maola 40. Pa nkhani ya batire ali bwino ndithu. Koma dziwani kuti onse awiri alibe kabowo kolowetsa waya, ndiye batire likatha, zatha, mudikire magetsi.

Vuto la okhala pamwamba pa khutu ndi kufinya. Kuti asagwe, chitsulo kapena pulasitiki ya pamutu imayenera kupana, ndipo chimene chimapanidwa ndi chichereŵechereŵe cha khutu. Ola loyamba simumva kanthu. Ola lachiwiri khutu limayamba kutentha. Ngati mumavala magalasi, mwendo wa galasi umakanikizika pakati pa khutu ndi mutu, ndipo ululu wake umakwera mpaka m'litsipa. Alongo athu oluka tsitsi lalikulu ali ndi vuto lina, poti lamba wa pamutu sakhazikika pa zoluka ndipo khushoni imatsetsereka. Ena ozungulira khutu lonse, monga Soundcore Life Q20 ya Anker, amapepukitsa ululuwo, ali ndi kabowo ka waya, komanso amachepetsa kulira kwa injini ya basi. Koma ndi okwera mtengo, amadya malo m'chikwama, ndipo m'nyengo ya Okutobala khutu limasamba thukuta m'kati mwa khushoni. Kuno kotentha chikopa chabodza cha makhushoni otsika mtengo sichichedwa: chimayamba kung'aluka m'mphepete, kenako chimasupuka ngati khungu la mbatata yootcha, n'kumasiya tizidutswa takuda patsaya ndi pakolala ya malaya. Musanagule aakulu, funsani ngati makhushoni ake amachoka komanso ngati ena amapezeka. Wogulitsa akayamba kuyang'ana kumbali, yankho mwalipeza.

Pali amodzi akale amene ndimawapatsa ulemu pagululi, Koss Porta Pro, amene anatuluka mu 1984 ndipo akupangidwabe. Ndi a waya, amapindika, makhushoni ake ndi a siponji wamba yolowa mphepo, yosinthika mosavuta. Koma amatulutsa mawu kunja, woyandikana naye amamva nyimbo yanu, ndipo phokoso la mumsewu limalowa lonse. Ndi abwino m'nyumba ndi muofesi yabata. M'minibasi ayi. Kuno sapezekanso wamba, pokhapokha mutatuma wachibale wa kunja.

Tsopano timahedifoni tiwiri topanda waya tokhala m'kabokosi, timene aliyense akutifuna masiku ano. Ndinene poyera kuti ndili nato chakukhosi.

Ndinagula tabwino ndithu, osati ta pamphasa ya m'mbali mwa msewu. Ndinagula musitolo ya magalasi owala, ndi lisiti, ndalama zokwana kugula thumba la chimanga n'kutsalako. Miyezi yoyamba ndinatikonda. Tinali topepuka, tinkalowa m'thumba la malaya, poyenda panalibe waya wokola pa batani. Kenako ka kumanzere kanayamba kutha moto msanga kuposa kanzake. Poyamba kankazima patatsala pang'ono kuti ka kumanja nako kazime. Patapita milungu kankazima nyimbo zitangoyimba zingapo. Tsiku lina ndinakaika m'kabokosi, kagetsi kake sikanayake, ndipo sikanadzukenso. Chaka chinali chisanathe.

Ndinabwerera kusitolo kuja. Anandiuza kuti nthawi yobwezera inadutsa kalekale, ndiponso kuti sagulitsa ka mbali imodzi, ndigule tonse tatsopano ndi kabokosi komwe. Ndinapita kwa mnyamata wokonza mafoni amene ndimamudalira. Anakatembenuza m'manja, anayesa kulowetsa kampeni mumzere wa pakati, n'kundiwonetsa kuti n'komata ndi guluu, kopanda sikulu ngakhale imodzi. Anati akakakamiza kutsegula pulasitiki isweka, ndipo ngakhale atatsegula, kabatire ka saizi imeneyo alibe pokagula. Ka kumanja kanali kabwinobwino, kabokosi kabwinobwino, koma zonse zinasanduka zinyalala chifukwa cha kabatire kochepa ngati nyemba.

Umenewu ndiwo mtengo wobisika umene sulembedwa pabokosi. Batire la lithium lililonse limafooka likamatchajidwa mobwerezabwereza, ndipo kutentha kumalifooketsa msanga. M'kahedifoni kamodzi muli kabatire kakang'ono kwambiri, kokwana maola asanu kapena asanu ndi atatu basi kakadali katsopano, choncho kamatchajidwa kawirikawiri kuposa batire la foni. Nthawi iliyonse mukakabwezera m'kabokosi kamayamba kutchaja. Onjezani kuti ambirife timakonda kuvala kamodzi poyankha foni, ndiye kamodziko kamakalamba kanzake kadakali kamwana. Timapini tachitsulo totchajira timachita dzimbiri ndi thukuta, fumbi la m'chilimwe limadzaza timabowo ta m'kabokosi, ndipo tsiku lina mumapeza kamodzi sikanatchaje usiku wonse. Simukugula katundu wokhala naye, mukulipira lendi ya chaka ndi chaka. Izi zili choncho ndi totchipa komanso todula, kusiyana kwake ndi kukula kwa ndalama imene mwataya.

Palinso kugwa. Pakabaza, njinga ikagunda bampu, kamodzi kakhoza kudumpha n'kulowa mungalande. Ndipo magetsi akazima tsiku lonse mumakhala ndi zinthu ziwiri zolimbirana pawa banki imodzi, foni ndi kabokosi.

Ngati mtima wanu uli pomwepo ndipo simubwerera, gulani ta kampani yodziwika ndipo mutsimikize kuti ndi tenitenidi. Oraimo, yomwe ndi ya kampani ya Transsion, eni ake a Tecno, itel ndi Infinix, imapezeka pafupifupi paliponse kuno, ndipo chifukwa cha kutchukako zabodza zotengera dzina lake zachulukanso. Pa paketi yake pamakhala kachizindikiro kokala komwe nambala yake mumakaitsimikizira pa intaneti. Kalani muli pomwepo, wogulitsa akuona. Tolembedwa AirPods kapena JBL togulitsidwa mtengo wa mbale ziwiri za chipisi musavutike n'kufunsa.

Apakhosi anthu amawaderera, amati ndi achikale. Ine ndimati pa onse a Bluetooth, amenewa ndiwo oyenera munthu wa ndalama zochepa. Batire limakhala m'kachingwe kokhala pakhosi, ndiye ndi limodzi komanso lokulirapo. Sony WI-C100 imafika maola 25, ndipo ili ndi chizindikiro cha IPX4, kutanthauza kuti thukuta ndi mvula yowaza siziiwononga. Oraimo nayo ili ndi ake otchedwa Necklace. Kondakitala akamakufunsani ndalama mumangochotsa m'khutu, n'kusiya akulendewera pachifuwa, palibe chogwa. Maiki yake ili pafupi ndi pakamwa, choncho wa mbali inayo amakumvani bwino kuposa ndi timahedifoni tija. Choipa chake n'chakuti kachingwe kamakhuza kolala ndipo kutentha kukafika kamamata pakhosi. Nawonso batire lake lidzafa tsiku lina, koma limapirira.

Mtima wanga uli pa a waya olowa m'khutu, ndipo sindibisa. Satchajidwa. Mawu sachedwa pa vidiyo monga zimachitikira ndi Bluetooth yotchipa, pomwe milomo imayenda mawu n'kubwera pambuyo. Pa ndalama yofanana amamveka bwino kuposa opanda waya, chifukwa ndalama yanu yonse yapita pa sipika, sinagawidwe ku batire ndi kabokosi. Ndipo pali chinthu chimene anthu amachikumbukira tsiku la mpira: mafoni ambiri okhala ndi wailesi ya FM amagwiritsa ntchito waya wa mahedifoni ngati mlongoti. Popanda waya, Zodiak kapena MBC simuimva pokhapokha mutawononga bandulo. Bullets ikamasewera ndi Wanderers inu muli m'basi, kawaya kameneka ndiko kamakupulumutsani.

Aliyense amadziwa pamene a waya amafera: pakhosi pa pulagi. Waya amapindika pomwepo m'thumba la buluku mpaka mbali imodzi imasiya kulira, n'kumachita kugwiriza ndi chala kuti imveke. Pali njira ziwiri. Yoyamba, sankhani a pulagi yopindika ngati L, imapirira kuposa yowongoka. Yachiwiri, yomwe ndi yabwino koposa, ndi kugula amene waya wake amazuka. Makampani a ku China monga KZ, Moondrop ndi 7Hz amapanga otere. 7Hz Salnotes Zero ndi Moondrop Chu II amagulitsidwa pafupifupi madola 20 a ku America, ndipo waya wake amalumikizidwa ndi timapini tiwiri. Waya akaduka mumagula waya yekha, mahedifoni n'kupitiriza ntchito. Waya wake amazungulira kuseri kwa khutu, ndiye kulemera sikukoka m'kati ndipo sagwa ngakhale muthamangire basi. Kumbukirani kuti madola 20 amenewo ndi mtengo wa kumene achokera. Muwerengere ndalama yotumizira, ya munthu wokuitanitsirani, ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Kuphatikizana anthu angapo pa oda imodzi kumapepula.

Musanatsatire mawu angawa, tembenuzani foni yanu muone pansi pake. Apple inachotsa kabowo ka mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016 ndipo ena anatsatira. Tecno, itel ndi Infinix zambiri zikadali nako, Samsung Galaxy A15 ili nako, koma A54 ilibe. Ngati yanu ilibe, mufunika kaadaputa kolowa potchajira, ndipo apa pali msampha. Tina totchipa ndi waya chabe, tilibe kachipangizo kotchedwa DAC kosandutsa nyimbo kukhala mawu. Mafoni ambiri opanda kabowo, kuphatikizapo a Samsung, sagwira ndi totere. Yesani pa foni yanu yomweyo musanapereke ndalama, ndipo muyesenso kuyimba foni kuti muone ngati maiki ikugwira.

Ena amandiuza kuti zolowa m'khutu zimawapweteka. Nthawi zambiri vuto si mahedifoni koma timphira ta kumapeto. M'paketi mumakhala saizi zitatu, yaing'ono, yapakati ndi yaikulu, koma anthu amavala zimene zabwera zitavalikidwa kale n'kutaya zinazo limodzi ndi bokosi. Kamphira kakakula kamafinya ndipo khutu limawawa. Kakachepa sikatseka, besi imathawa, phokoso la kunja limalowa, ndipo inu mumakweza voliyumu kuti mupikisane ndi sipika ya minibasi. Apa ndi pamene pandidetsa nkhawa kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu a ma decibel 80, ndipo mawu akakwera, nthawi yololedwayo imachepa msanga kwambiri. Makutu akawonongeka ndi phokoso sabwerera. Kamphira kotseka bwino kamakulolani kumvera motsitsa. Si zachilendo kuti khutu lina lifune saizi yosiyana ndi linzake, choncho yesani mbali iliyonse payokha. Muzitichotsanso n'kutitsuka ndi madzi a sopo, tiume musanatibwezere.

Pali anthu ena amene khutu lawo silifuna kanthu kolowa mkati ngakhale asinthe timphira. Amenewo atenge okhala pakhomo pa khutu, a mtundu wa EarPods za waya za Apple, podziwa kuti phokoso lidzalowa. Oyenda pansi m'mbali mwa msewu ndi opalasa njinga, kulowa kwa phokosoko n'kwabwino kwa inu, muzimva hutala.

Ndiye mukandifunsa, yankho langa ndi ili. Foni yanu ili ndi kabowo, gulani a waya, makamaka a waya wozuka, ndipo chenji mugulire waya wachiwiri wosungira. Ilibe kabowo ndipo simukufuna za adaputa, tengani apakhosi. Mumakhala pakompyuta tsiku lonse pamalo pozizira, sungani ndalama pang'ono mufike pa ozungulira khutu lonse okhala ndi kabowo ka waya, okhala pamwamba pa khutu muwadumphe ngati mumavala magalasi. Tiwiri ta m'kabokosi ine sindidzagulanso, ndipo mnzanga sindingamutumeko ndi ndalama yake yomaliza.

Pogula aakulu, pemphani kuwavala mphindi khumi muli m'sitolomo, magalasi anu ali kumaso. Yasamulani, tafunani, weramani ngati mukumanga nsapato. Funsani kuti akawonongeka mungabweze mpaka liti, ndipo wogulitsa alembe tsikulo ndi dzanja lake pa lisiti.